Chitsulo chikafa, chotsala n'chiyani?

M'bandakucha wa pa 18 Disembala 2015 moto unanyeketsa laibulale ya Yunivesite ya Mzuzu ku Luwinga. Mabuku oposa 45,000 anasanduka phulusa, pamodzi ndi makompyuta, mashelefu ndi mipando. Abwenzi a sukuluyi, kuphatikizapo a ku Virginia Tech ku America, anathandiza kusonkhanitsa mabuku ena, ndipo ambiri mwa otayikawo analidi ogulika, chifukwa buku losindikizidwa ku London kapena ku Nairobi limakhala ndi anzake zikwizikwi m'maiko ena. Koma m'laibulale iliyonse ya sukulu ya ukachenjede mumakhalanso zolembedwa zopanda mnzake, monga kafukufuku wa wophunzira yemwe anamangidwa kamodzi kokha, kapena lipoti lakale lomwe mwini wake anatsikira kulichete. Zoterezi zikapsa, palibe sitolo yomwe ingazibwezere.

Aka sikanali koyamba dziko lino kutaya mbiri yake m'malawi a moto. Mu 1919 likulu la boma la atsamunda ku Zomba linapsa, ndipo olemba mbiri mpaka lero amadandaula za makalata a zaka zoyambirira za ulamulirowo omwe anathera pomwepo. Choncho munthu wa masiku ano akamva za ngozi zotere amafulumira kupereka malangizo oti zonse zizisungidwa pa kompyuta. Malangizowa ndi abwino, ndipo akutsatidwa. Ndalama za mayi wogulitsa usipa mumsika waukulu wa Mzuzu zili pa Mpamba kapena pa Airtel Money. Zotsatira za mayeso a ophunzira a ku Yunivesite ya Mzuzu zili m'makina. Zala ndi nkhope za anthu oposa 9 miliyoni omwe analembetsa chiphaso cha unzika mu 2017 zilinso m'makina, chimodzimodzi mbiri ya odwala ambiri olandira ma ARV m'zipatala za boma.

Komatu kompyuta nayo ili ndi thupi, ndipo thupilo limafa.

Disiki yoyamba yogulitsidwa, yomwe kampani ya IBM inatulutsa mu 1956, inali ndi mbale 50 zazikulu zozungulira, ndipo inkasunga zilembo pafupifupi 5 miliyoni, zomwe lero sizingakwane zithunzi zowerengeka za pa foni. Zidzukulu zake ndi zazing'ono zokwana m'dzanja, zimasunga zochuluka kosaneneka, koma matenda ake ndi omwe aja. Mbale zozungulira maulendo 7,200 pa mphindi imodzi zimatopa, kamutu kowerengera kamakhula mbale, kutentha ndi fumbi zimafupikitsa moyo wake. Ma SSD, omwe alibe chozungulira, nawo amatha pang'onopang'ono pomwe akulembedwa ndi kufufutidwa. M'nyumba yaikulu ya maseva, makompyuta otumikira makompyuta ena, momwe madisiki amakhala zikwi zambiri, kufa kwa disiki si nkhani yodzidzimutsa. Ndi ntchito ya sabata iliyonse.

Mu 1988 akatswiri atatu a ku yunivesite ya California ku Berkeley, David Patterson, Garth Gibson ndi Randy Katz, anafalitsa njira yomwe inatchuka ndi dzina loti RAID. Maganizo ake anali oti madisiki angapo otchipa agwire ntchito ngati imodzi, ndipo azitchinjirizana. Nzeru yake munthu atha kuimvetsa ndi masamu a ku pulayimale. Disiki yoyamba isunge nambala 3, yachiwiri isunge 5, yachitatu isunge kuphatikiza kwake, 8. Yachiwiri ikafa, makina amachotsa 3 pa 8 n'kupeza 5 uja, n'kumulembanso pa disiki yatsopano. Masamu enieni a m'makinamo ndi osiyanako, koma mtima wake ndi womwewo. Chomwe chinatayika chimabwezedwa kuchokera ku zomwe anzake akudziwa za icho.

Mabokosi a madisiki otere atachuluka, panabadwa vuto lina. Bungwe limagula bokosi limodzi chaka chino, lina la kampani ina pakatha zaka zitatu, lina n'kubwera ndi thandizo la mabungwe akunja. Lililonse lili ndi kayendetsedwe kake. Lina ladzaza mpaka pakamwa pomwe lina likungokhala theka. Kusamutsa zinthu kuchoka m'bokosi lakale kunkafuna kutseka ntchito usiku wonse wa Loweruka, woyang'anira makina mtima uli m'mwamba. Yankho lake ndi lomwe akatswiri amalitcha storage virtualization. Pakati pa maseva ndi mabokosi aja pamaikidwa pulogalamu kapena makina apadera omwe amasonkhanitsa malo onse kukhala nkhokwe imodzi, kenako n'kumagawira seva iliyonse disiki yongoyerekeza, yokhala ndi dzina lake ndi kukula kwake. Seva ikafuna chidutswa cha nambala yakutiyakuti, wapakati uja amayang'ana m'kaundula wake kuti chidutswacho chili m'bokosi liti, pa disiki iti, n'kukachitenga. Pa Linux njira yotere, yotchedwa LVM, inalembedwa ndi Heinz Mauelshagen mu 1998, ndipo IBM inatulutsa makina ake a SAN Volume Controller mu 2003.

Ntchito inapepuka zedi. Woyang'anira atha kukulitsa disiki ya chipatala masana dzuwa likuswa mtengo, kalaliki wolembera odwala osadziwa kanthu. Atha kusamutsa zonse kuchoka m'bokosi lokalamba kupita m'latsopano, chidutswa chimodzichimodzi, kaundula akusinthidwa mwakachetechete, mpaka bokosi lakale litatsala lopanda kanthu n'kulizimitsa. Zofunidwa pafupipafupi zimasunthira zokha pa madisiki othamanga, zoiwalika n'kutsikira pa otchipa. Pakatha zaka khumi, pa zitsulo zonse zomwe zinalandira fayilo ya wodwala tsiku loyamba sipatsala ndi chimodzi chomwe. Koma fayiloyo ilipo, dzina lomwelo, mawu omwewo.

Apa ndi pomwe funso la amisiri limasanduka funso la anthu oganiza mozama. Ngati chitsulo chilichonse chasinthidwa, chomwe chatsala n'chiyani, ndipo chimakhala kuti? Agiriki akale analimbana nalo funsoli. Plutarch anasimba za chombo cha Theseus chomwe anthu a ku Athens ankachisunga ngati chikumbutso, thabwa likawola n'kuikapo lina, mpaka akatswiri a nzeru anagawikana, ena akuti ndi chombo chomwe chija, ena akuti ayi.

Mu mzinda wa Mzuzu, momwe muli likulu la Sinodi ya Livingstonia ndi la Dayosizi ya Katolika ya Mzuzu, komanso mizikiti ndi mipingo ya Pentekosite m'makwalala a ku Chibavi, Zolozolo ndi Mchengautuwa, yankho limodzi limabwera msanga pakamwa. Munthu wopemphera akamva za fayilo yosamuka kuchoka pa chitsulo ichi kupita pa icho amaganiza za mzimu. Thupi ndi disiki chabe, mzimu ndiye chosungidwa. Disiki ikafa, chosungidwacho chimapitirira. Fanizoli ndi lokoma kulimva, ndipo mlaliki wachinyamata yemwe anaphunzirako makompyuta sangalephere kukopeka nalo. Koma likayang'anitsitsidwa, makinawo sakuphunzitsa zimenezo.

Palibe mphindi ngakhale imodzi yomwe fayilo ija imakhala yopanda thupi. Posamuka, imayamba yalembedwa kaye pa disiki yatsopano isanafufutidwe pa yakale. Yamasulidwa ku chitsulo chakutichakuti, koma sinamasulidwe ku chitsulo. Ngakhale zomwe amati zili mu cloud, ngati kuti zikuyandama kumwamba, zili m'nyumba ya njerwa ndi simenti, yofuna magetsi, zoziziritsira mpweya, mabatire ndi jenereta ya dizilo. Pa 10 Malichi 2021 moto unawononga nyumba ya maseva ya kampani ya OVHcloud ku Strasbourg m'dziko la France, ndipo masamba a pa intaneti mamiliyoni anazima. Makasitomala ena anadzazindikira mochedwa kuti makope awo odzitetezera anali pa malo omwewo, ndipo anapsera limodzi. Kuno kwathu phunziro lomwelo limabwera kudzera m'nthambo za ESCOM. Magetsi ambiri oyaka ku Katoto mu Mzuzu amachokera kutali ku mtsinje wa Shire, ndipo namondwe Ana atawononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Magetsi akazima, maseva a m'maofesi a mu Mzuzu ankadalira mafuta a m'jenereta ndi munthu wokumbukira kuwathira.

Chodabwitsa n'chakuti pa mfundo imeneyi makina akuyandikira kwambiri chiphunzitso chakale cha mpingo kusiyana ndi fanizo la mlaliki uja. Chikhulupiriro cha Atumwi, chomwe chimanenedwa m'matchalitchi a Katolika, CCAP ndi Anglican, sichilonjeza kuti munthu adzathawa m'thupi n'kukhala mpweya mpaka kale. Chimavomereza kuuka kwa thupi. Paulo, polembera Akorinto m'mutu 15 wa kalata yoyamba, anayankha anthu ofunsa kuti akufa adzauka ndi thupi lotani powalozera mbewu yofesedwa, yomwe imamera ndi maonekedwe ena koma ili yomweyo. Asilamu nawo amakhulupirira kuuka kwa matupi pa tsiku la chiweruzo. M'zipembedzo zonsezi chiyembekezo sichili pa kusowa thupi. Chili pa kupatsidwa thupi lina ndi Wina yemwe sanaiwale kuti munthuyo anali ndani.

Mabuku opatulika enieniwo anapulumuka mwa njira yomweyo. M'mutu 36 wa buku la Yeremiya, mfumu Yehoyakimu akuwerengeredwa mpukutu wa mneneri, ndipo akuudula ndi mpeni chigawo ndi chigawo n'kumaponya pa moto mpaka wonse kutha. Yeremiya akutenga mpukutu wina, akunenanso mawu aja, mlembi wake Baruki akulemba. Mawuwo sanapulumuke chifukwa anali osapsa. Anapulumuka chifukwa panali munthu wamoyo wowasunga m'mutu ndi wina wodziwa kugwira cholembera. Mbiri ya Chisilamu imasimbanso kuti pa nkhondo ya ku Yamama panafa anthu ambiri oloweza Qur'an pamtima, ndipo Abu Bakr, poopa kuti ingatayike pamodzi ndi osunga ake, analamula Zayd ibn Thabit kuti aisonkhanitse kuchokera pa zolembedwa ndi m'mitima ya otsala. Kufikira lero mwana wa ku madrasa woloweza masura akugwira ntchito yomweyo, yoonetsetsa kuti mawu asakhale ndi thupi limodzi lokha.

Ndiye chimene chimachititsa kuti fayilo ikhale yomwe ija, ngati si chitsulo komanso si mzimu wouluka, n'chiyani? Amisiri amayankha mosazungulira kuti ndi kaundula uja. Zidutswa za fayilo imodzi zimabalalika m'madisiki makumi angapo, zosakanikirana ndi za mafayilo ena. Kaundula yekha ndiye amadziwa kuti ichi chimatsatana ndi icho, ndipo zonsezi ndi za dzina lakuti. Akawonongeka, madisiki onse atha kukhala amoyo, nyali zawo zobiriwira zikuthwanima, koma za m'katimo n'kukhala mulu wa manambala opanda mwini. N'chifukwa chake kaundulayo amasungidwa m'makope angapo ndi kusamalidwa kuposa china chilichonse. Walira mvula walira matope: njira yomwe yachotsa mantha a kufa kwa disiki imodzi yaunjika chiopsezo chonse pa malo amodzi, ndi pa anthu ochepa omwe ali ndi makiyi ake.

Amalawi anaziona kale zimenezi, ngakhale m'njira zosiyanako. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly anapeza kuti malipiro abodza ankalowetsedwa m'makina a boma a IFMIS, ndalama zikatuluka zolembedwazo n'kufufutidwa. Panalibe utsi, panalibe phulusa loti munthu aloze. Mu Febuluwale 2024 a Lazarus Chakwera, omwe anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, anauza Nyumba ya Malamulo kuti makina opangira mapasipoti alowereredwa ndi akathyali ofuna dipo, ndipo kwa masabata angapo anthu ofuna kupita ku Joni kapena ku Dar es Salaam anangokhala kudikira. Pa nkhani ziwirizi zitsulo sizinali zolakwa. Chinavuta chinali funso loti ndani ali ndi mphamvu pa zosungidwa, ndipo ndi wokhulupirika bwanji. Moto wa ku Luwinga unali woopsa, koma aliyense anauona. Kufufuta kwa munthu wa makiyi kumatha kudziwika patapita zaka.

Pali mbali ina ya funsoli yomwe Thomas Hobbes anaionjezera pa nkhani ya chombo ija m'zaka za m'ma 1600. Bwanji munthu wina atatola matabwa akale onse otayidwa aja n'kumanga nawo chombo china? Pamenepo zombo zakhala ziwiri, chilichonse chikudzitcha cha Theseus. Oyang'anira maseva amakumana ndi vutoli maso ndi maso. Bungwe lochenjera limasunga makope m'mizinda iwiri, tinene Lilongwe ndi Mzuzu, ndipo chilichonse cholembedwa uku chimalembedwanso uko. Nthambo ya faiba ikaduka panjira, mbali iliyonse itha kuganiza kuti inzake yafa, n'kuyamba kulandira zolembedwa payokha. Nthambo ikalumikizidwa pamapezeka mbiri ziwiri za akaunti imodzi, zonse zooneka zoona. Amisiri amati split-brain, ndipo amaiopa kuposa kuzima kwa makina. Mankhwala ake ndi kuika mboni pa malo achitatu, kamakina kakang'ono komwe ntchito yake ndi kugamula kuti pa awiriwa woyenera kupitiriza ndi uti, winayo aime.

Munthu wa ku Mzimba sangavutike kumvetsa zimenezi. Dzina la M'mbelwa ladutsa m'matupi a mafumu asanu, ndipo Angoni akasonkhana ku phiri la Hora pa mwambo wa Umthetho sakayika kuti ufumu ndi womwe uja. Koma dzinalo silidumpha lokha kuchoka kwa womwalira kupita kwa wamoyo. Pali akuluakulu osunga mndandanda wa mbumba, odziwa nyumba yoyenera, ochitira umboni pamaso pa anthu. M'maufumu ena momwe osungawo anagawikana, pampando umodzi padzuka anthu awiri, mlandu n'kukathera ku khoti. Kukhalabe yemweyo, kaya kwa ufumu kaya kwa fayilo, kumatsamira pa wina wakunja wochitira umboni.

Apa fanizo liyenera kuima, ndipo ndi bwino kunena momveka pomwe laimira. Kope la fayilo ndi fayilo yeniyeni; makope khumi ofanana onse ndi oona, ndipo palibe limodzi lomwe lingadandaule litafufutidwa. Munthu sali choncho. Ku maiko olemera kuli anthu olota kuti tsiku lina ubongo udzakopedwa n'kuikidwa m'makina, munthu n'kukhala ndi moyo wosatha m'nyumba ya maseva. Ngakhale zitatheka, mayi yemwe waika mwana wake m'manda sangatonthozedwe ndi kope lodziwa zonse zomwe mwanayo ankadziwa. Akufuna yemwe uja, yemwe anamubereka kumsana, osati wofanana naye. Kaundula wa makina amasunga dongosolo la zidutswa. Zomwe okhulupirira amayembekezera kwa Mulungu ndi zoposa dongosolo, chifukwa amati Iye amamudziwa munthu ndi kumukonda, ndipo kudziwa kotereko sikungatheke kukhala ndi makope awiri. Wosakhulupirira atha kukana zonsezi, ndipo makina sangamutsutse. Chomwe makina angachite n'kumuchotsera iye ndi wokhulupirira yemwe maganizo oti pali chinthu chomwe chimadzisunga chokha.

Palinso kachitidwe kena m'njira ya storage virtualization ija komwe kamafunsa za chilungamo. Amati thin provisioning. Woyang'anira amauza dipatimenti iliyonse kuti yapatsidwa malo aakulu, pomwe malo enieni m'nkhokwe ndi ochepa kuposa malonjezo onse ataphatikizidwa. Amadalira kuti onse sangadzaze malo awo nthawi imodzi, ndipo amagula madisiki ena pomwe kufunika kukukula. Kwa bungwe la ndalama zochepa, m'dziko lomwe disiki iliyonse imagulidwa ndi madola osowa, iyi ndi nzeru yopulumutsa. Kodi ndi bodza? Si bodza malinga wolonjezayo akuyang'anira mlingo tsiku ndi tsiku ndipo ali ndi njira yogulira zoonjezera nthawi isanathe. Lonjezolo limasanduka bodza tsiku lomwe pempho logula madisiki lagona pa tebulo la abwana miyezi isanu ndi umodzi, nkhokwe n'kudzaza, maseva onse odalira pamenepo n'kuima nthawi imodzi. Kuphweka komwe kalaliki wa ku kauntala amakuona kumalipiridwa ndi tcheru cha munthu yemwe iye sadzamuona.

Mu Julaye 2022 boma linatsegula nyumba ya dziko yosungira deta ku Blantyre, yomangidwa ndi kampani ya Huawei. Ndi chinthu choyenera kuyamikira kuti zolembedwa za Amalawi zikhale ndi nyumba m'dziko lawo. Koma Blantyre ali m'chigawo chomwe namondwe Freddy anasakaza mu Malichi 2023, ndipo nyumba imodzi, ngakhale yolimba chotani, ndi thupi limodzi. Mzuzu ali pa mtunda wa makilomita oposa 600 kuchokera kumeneko, pamalo okwera ndi ozizira, ndipo ku Luwinga kumaphunzitsidwa achinyamata a ICT ndi a zosunga mabuku ndi zolembedwa, pa sukulu yomweyo yomwe ili ndi dipatimenti ya zaumulungu ndi zipembedzo. Mzindawu ndi woyenera kusunga kope lina la zinthu za dziko, kapena kukhala mboni yachitatu ija. Zimenezi zimafuna magetsi odalirika, nthambo za faiba zodzera njira ziwiri zosiyana, malipiro oti katswiri asathawire ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, ndi lamulo loti miyezi ingapo iliyonse wina aziyesa kubwezeretsa zosungidwazo pa makina ena, pamaso pa munthu wosachokera mu ofesi yomweyo, kuti aone ngati zikutsegukadi.